Verbena: foni idati dzala, mvula ya ku Nsungwi idati ayi

Mwezi uno ndiyambe ndi kuulula tchimo. Ndidapha mbande 6 za maluwa ndi manja angawa, ndipo ndidazipha chifukwa chomvera foni m'malo moyang'ana kumwamba.

Padutsa chaka ndi miyezi 4 tsopano. Udali usiku wina mu Disembala, magetsi atazima, ine ndili gone pamkeka kuseweretsa foni. Pa TikTok ndidaona mayi wina wa ku England akuonetsa khonde lake. Maluwa adali atasefukira m'miphika mpaka kulendewera pansi, ofiira, oyera, a pinki, ena a pepo okhala ndi kadiso koyera pakati. Mayiyo adati dzina lake ndi verbena, duwa la "summer", losavuta, lokonda dzuwa. Ndidawerengera mwachangu. Ku South Africa "summer" amayamba mu Disembala, ndipo ifenso tili mbali yomweyo ya dziko lapansi. Basi, nthawi yake ndi ino.

Loweruka lake ndidakwera minibasi pa Nsungwi kupita m'tauni, ndipo ndidatsikira kwa anyamata aja amagulitsa mbande m'mphepete mwa msewu. Mmodzi adali nazo, zili m'machubu akuda. Akundilongedzera m'katoni adati, "Bigi, awa sakonda madzi ambiri, muwaike pouma." Ndidangogwedeza mutu. Mumtima ndimati duwa lanji losakonda madzi, nanga si ndaonera kale vidiyo.

Nditafika kunyumba ndidatenga ndowa ziwiri zakale, ndidakumba katondo kuseri kwa bafa, n'kudzaza. Mabowo pansi sindidaboole. Choipitsitsa, ndowazo ndidaziika pomwe madzi a pamalata amagwera, ati kuti ndisamavutike ndi kuthirira. Walira mvula walira matope. Januwale atafika, mvula idagwa masiku otsatizana, ndowa zija zidasanduka timadamu. Masamba adayamba chikasu, ena adayera ngati wawaza ufa, tsinde lidada m'munsi. Pakati pa Febuluwale nditazula imodzi, mizu idali yabulauni, yoterera, ikununkha ngati mphale yoiwalika m'madzi.

Mayi a kunyumba adangoti, "Bambo a mwana, ndalama ija bwenzi titagula bonya wa sabata yonse." Amayi eni nyumba, omwe amakhala nyumba yayikulu ya kutsogolo, adaseka mpaka kugwira chipupa. "Mwananga, maluwa sadyedwa. Ukadadzala mpiru bwenzi pano tikukupempha."

Adali ndi mfundo onse awiri. Koma ine chidandiwawa n'chakuti munthu adandichenjeza ndipo sindidamve. Mvula itayamba kukata ndidabwerera kwa mnyamata uja, manyazi ndidawasiya m'minibasi. Zomwe ndikulemba lerozi zachokera kwa iye, ku zomwe ndidawerenga pambuyo pake, ndi ku chaka chathunthu chomwe ndakhala ndi duwali pakhonde.

Duwali ndi lotani?

Verbena wa m'miphikayu si mbadwa ya ku England ayi. Makolo ake ndi zitsamba za ku South America, kumayiko ngati Argentina, Brazil ndi Uruguay, zomwe alimi a maluwa a ku Ulaya adazikwatitsa m'zaka za m'ma 1800 mpaka kutuluka mitundu yambirimbiri yomwe ikugulitsidwa lero. Musadabwe nazo. Jakaranda yemwe amakongoletsa misewu ya Lilongwe mu Sepitembala ndi Okutobala adachokeranso konko, chimodzimodzi chinangwa chomwe timadyera tiyi.

Ndi chomera chachifupi, nthawi zambiri sichipyola masentimita 30 kutalika. Mitundu ina imaima, ina imayanga n'kulendewera m'mbali mwa mphika. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, a manomano m'mphepete, okhakhala pang'ono ukawagwira. Maluwa amabwera m'timagulu, timaluwa ting'onoting'ono tambiri pamutu umodzi, ndipo agulugufe ndi njuchi sizichedwa kuwapeza.

Ukaliona msanga ungaliyese lantana, chitsamba chija chimamera chokha m'malire a minda ndi m'mapuloti osamangidwa. Ndi pachibale ndithu, banja lawo ndi limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti lantana amakula kukhala chitsamba cholimba, nthawi zambiri cha timinga, amabereka tizipatso tomwe timada tikapsa, ndipo amadwalitsa ng'ombe zikamudya. Verbena wa m'mphika ndi wofewa, alibe minga. Musamusokonezenso ndi lemon verbena yemwe ena amamwa ngati tiyi, ameneyo ndi chomera china. Wathuyu ndi wa maso basi, mwana asamatafune.

"Summer" wawo si dzinja lathu

Apa ndi pomwe ndidagwera. Mayi wa ku England uja sadaname. Kwawo nyengo yozizira imabwera ndi chisanu choumitsa madzi, chomwe chimapha verbena. Ndiye amadikira chisanucho chithe, amadzala cha mu Meyi, amasangalala nawo Juni, Julayi ndi Ogasiti, kenako maluwa amafa, chaka chamawa n'kugulanso ena. Mdani wawo ndi kuzizira.

Ife kuno ku Lilongwe mdani ameneyo tilibe kwenikweni. Inde, mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka munthu kuopa madzi osamba, koma verbena pakhonde amapirira bwinobwino. Mdani wathu ndi madzi. Miyezi yomwe kalendala ya kumwera kwa Africa imati "summer", kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndiye pachimake pa dzinja lathu: mvula yamphamvu, mitambo masiku angapo, nthaka yonyowa usana ndi usiku. Zinthu ziwiri zomwe verbena amadana nazo kwambiri, mizu kukhala m'madzi ndi kusowa dzuwa, zimabwera pamodzi.

Choncho kalendala yathu ndi yotembenuza. Dzalani mvula ikamakata, kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo muno. Mbande zimagwira nyengo isanazizire kwambiri, zimayamba maluwa cha mu Meyi kapena Juni, ndipo mukazisamala zimapitiriza mpaka chilimwe chonse, nthawi yomwe kapinga wauma ndipo fumbi lochokera mumsewu lafiiritsa chilichonse. Nthawi imeneyo ndi yomwe khonde limafunadi mtundu. Mu dzinja aliyense ali ndi zobiriwira, ngakhale pamtaya.

Phunziro lake likupyola pa verbena. Malangizo ambiri a zomera omwe timawapeza pa intaneti adalembedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, kulembera anzawo a konko. Mukamva "dzalani nthawi yakuti", dzifunseni kaye kuti iwowo akuthawa chiyani, ndipo ife kuno tikuthawa chiyani.

Mphika ndi dothi

Simufunika kugula miphika ya simenti yodula ija. Ine ndimagwiritsa zigubu za mafuta ophikira za malita 5, zodula pamwamba, ndi ndowa zong'aluka za malita 20. Chigubu muchitsuke bwino mafuta achoke. M'chigubu mumalowa mbande imodzi, m'ndowa zitatu. Musapanikize zambiri pofuna kuti mudzadze msanga, zimadzadza zokha, ndipo mphepo imafunika kudutsa pakati pake.

Mabowo ndiye moyo wa duwali. Otchani msomali waukulu pambaula, mugwire ndi pulayala, muboole mabowo 5 kapena 6 pansi. Kenako ikani mphikawo pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Njerwazo zimathandizanso kuti muone msanga chiswe chikayamba kumanga njira yake.

Dothi la kuno ku Area 25 lambiri ndi katondo. M'munda chimanga chimachita nalo bwino, koma mukaliika lokha m'chigubu limagwirana, likanyowa limakhala ngati phala, likauma ngati njerwa. Ine ndimasakaniza chonchi: mbale ziwiri za dothi lapamwamba lakuda, mbale imodzi ya mchenga wa kumtsinje womwe amamangira nyumba uja, mbale imodzi ya manyowa owola bwino. Ndati owola. Zitosi za nkhuku za dzulo zimaotcha mizu. Manyowa akawola sanunkha, ndipo amafumbutuka m'manja. Ngati muli ndi zinyenyeswa za makala za pansi pa thumba, ponyanimo pang'ono, zimathandiza dothi kumasuka.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani kapu ziwiri za madzi. Akayamba kudontha pansi posakhalitsa, dothi lili bwino. Akangoima pamwamba ngati chithaphwi, onjezani mchenga.

Kwa omwe muli ndi kamalo pabwalo ndipo eni nyumba alola, verbena amakongola m'mphepete mwa kanjira kolowera pakhomo. Kwezani bedi ngati mzere wa mbatata kuti madzi asaime, ndipo mbande zitalikirane masentimita 25 mpaka 30, pafupifupi kutalika kwa rula ya mwana wa sukulu.

Dzuwa ndi madzi

Verbena amafuna dzuwa la maola osachepera 6 patsiku. Pansi pa mtengo wa mango sachita kanthu, amangotalika n'kuonda, maluwa awiri atatu basi. Musanaike mphika, tsiku limodzi muonetsetse komwe dzuwa limagwera pakhomo panu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pakhonde panga malo abwino ndi kumapeto kwenikweni, komwe dzuwa limafika kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 2.

Nkhani ya madzi ndiye idatsala pang'ono kundiyambanitsa ndi amayi eni nyumba. Papuloti pathu mpopi ndi umodzi, mabanja ndife anayi, bilu timagawana. Atandiona m'mawa wina ndi kheni adati, "Mwananga, bilu ikabwera maluwa akowo asonkhanso?" Funso lachilungamo ndithu, poti masiku ena mpopi umauma, tonse n'kumasunga madzi m'zigubu.

Ndidawalonjeza kuti maluwa sadzamwa madzi a pampopi mwachindunji, ndipo lonjezolo ndalisunga. Timasunga madzi otsukira mpunga, tomato ndi ndiwo zamasamba m'kandowa kapadera. Amakwana, chifukwa verbena samwa kwambiri. Madzi a sopo wochapira, a mchere kapena a mafuta ayi, m'chigubu zoipazo zimaunjikana ndipo duwa limafooka.

Musathirire potsata kalendala, thirirani potsata chala. Lowetsani chala m'dothi mpaka pamfundo yoyamba. Ngati chatuluka chouma, thirirani mpaka madzi adonthe pansi. Ngati chatuluka chonyowa, siyani, mubwerenso mawa. M'miyezi yozizira ine ndimathirira kawiri kapena katatu pasabata. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, chigubu chaching'ono chimauma tsiku lomwelo, ndiye ndimathirira m'mawa uliwonse. Thirani patsinde, osati pamasamba, ndipo m'mawa ndi bwino kuposa usiku.

Lumo lisakuchititseni chisoni

Mbande ikagwira n'kutalika ngati chala chapakati, tsinani kansonga kake ndi zikhadabo. Zimaoneka ngati nkhanza, koma pomwe mwatsinapo pamatuluka nthambi ziwiri, ndipo nthambi iliyonse imadzabweretsa mutu wake wa maluwa. Mutu ukafota, udulenso. Mukausiya, chomera chimayamba kupanga njere n'kuchepetsa maluwa.

Cha mu Ogasiti anga adafika potopa, nthambi zitalizitali, maluwa kunsonga kokha. Mnyamata wa mbande uja adati ndimete gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi zonse. Ndidameta mtima uli m'mwamba, khonde lidaoneka ngati mutu wa mwana wometedwa ndi lezala yobuntha. Patatha masabata atatu adaphukanso, ndipo Sepitembala yense adali odzadza kuposa poyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za feteleza, dzanja likhale lopepuka. Yureya wa chimanga uja amabweretsa masamba ambiri obiriwira koma maluwa ochepa, ndipo akachuluka m'chigubu amaotcha. Ine kamodzi pamwezi ndimangowaza manyowa owola odzadza dzanja pamwamba pa dothi, basi.

Adani atatu

Woyamba ndi chuku choyera chija chimaoneka ngati ufa pamasamba. Chimakonda pomwe zomera zapanikizana, mphepo siyenda, dzuwa n'lochepa. Mukachiona, thotholani masamba ogwidwawo mukataye kutali, talikitsani miphika, isunthireni padzuwa. Ena amapopera mkaka wosungunula, kapu imodzi ya mkaka ku makapu 9 a madzi, m'mawa kukuwala. Ndidayesa, zidachepetsa kufala kwake, koma masamba omwe adagwidwa kale sadachire.

Wachiwiri ndi kangaude wofiira, yemwe alimi a tomato amamudziwa bwino. Amabwera kukatentha ndi kuuma, Sepitembala mpaka Novembala. Masamba amachita timadontho tachikasu, ndipo kunsi kwake mumapeza tiulusi. Apa pokha ndi pomwe ndimaphwanya lamulo lothira patsinde: m'mawa ndimatsuka kunsi kwa masamba ndi madzi, kawiri pasabata, kuti dzuwa liumitse msanga. Ngati muli ndi tomato pafupi, mutalikitse, chifukwa kachilomboka kamasamuka.

Wachitatu ndi nkhuku za aneba. Sizidya duwalo, koma zimapalasa dothi lofewalo posaka tizilombo. Yalani timiyala kapena zidutswa za njerwa pamwamba pa dothi. Kukangana ndi aneba chifukwa cha duwa sikupindula.

Kugula kamodzi kokha

Njere za verbena zimapezeka m'mapaketi, koma ndi zaulesi kumera. Zimafuna mdima, ndiye muzikwirire pang'ono, ndipo zimatha masabata awiri, atatu, nthawi zina kupyola, zinanso osamera n'komwe. Njere zotola pa maluwa anu sizilonjeza kubereka mtundu wa mayi wake.

Njira yachidule ndi kudula nthambi. Sankhani nthambi yathanzi yopanda duwa, dulani masentimita 8 mpaka 10 ndi lezala yatsopano, mudule kunsi kwenikweni kwa mfundo pomwe pamatuluka masamba. Chotsani masamba am'munsi, mutsale ndi awiri kapena anayi kunsonga. Zikani mu mchenga wonyowa m'kapu ya pulasitiki yoboola pansi, muike pamthunzi powala. Pakatha masabata atatu kapena anayi, mukaikoka pang'ono imakana, ndiye kuti yamera mizu. Mitundu yoyanga ija imachita kukuthandizani: nthambi ikakhudza dothi pamfundo imamera mizu yokha, inu n'kungodula n'kuokera.

Pa mbande zitatu zomwe ndidagulanso mu Epulo chaka chatha, lero ndili ndi miphika 11, ndipo sindidaonjezepo tambala.

Dzinja lapitali ndidachita mosiyana ndi poyamba. Mvula itayamba ndidakokera miphika yonse mkati mwa khonde, kutali ndi madzi a pamalata, ndidameta nthambi, ndipo kukacha bwino ndinkaitulutsa iothe dzuwa. Iwiri idafabe, osanama. Yotsalayo idadutsa, ndipo ndi yomwe ndikudulako mbande za chaka chino. Verbena sakhala zaka zambiri ali wamphamvu, choncho chaka chilichonse muzikhala ndi ana atsopano olowa m'malo mwa makolo.

Nanga n'kuvutikiranji?

Anzanga a pa Nsungwi amandiseka. "Aise, iwe mwamuna wamkulu ukuweta maluwa?" Ndimangoseka nawo. Koma yankho lake ndili nalo.

Ambiri a ife tili pa lendi. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, nkhani ndi imodzimodzi: nyumba si yako, khoma sungapente, mtengo sungadzale, ndipo ukadzala udzadyedwa ndi wobwera pambuyo pako. Ndiye timakhala ngati tili pa depoti, kudikira tsiku lomwe tidzamange yathu kuti tidzayambe kukongoletsa. Zaka zimapita, ana amakula akuona khonde la fumbi ndi mopu yokha. Munda wa m'zigubu ndi munda womwe umakwera nawo lole tsiku losamuka. Lendi ikakwera mawa, miphika yanga 11 idzakhala pamwamba pa matilesi.

Mwana wathu wamkazi, wa zaka 4, ndiye amayesa dothi ndi chala m'mawa uliwonse, n'kumalengeza ngati wa pawailesi kuti lauma kapena ayi. Amawerenga agulugufe. Mayi ake, omwe ankalira bonya aja, ndi omwe adasankha kuti a pepo akhale pafupi ndi chitseko. Mpiru ndidadzalanso, musaope, uli m'matumba kuseri.

Sabata yatha amayi eni nyumba adaima pakhonde pathu nthawi yaitali, manja kumbuyo. Kenako adati, "Mwananga, ofiirawa ungandidulireko tiwiri? Ndili ndi ndowa yobooka kuseriku." Ndidati, "Amayi, yobookayo ndiye yabwino." Ndawadulira tinayi.

Epulo ndi uno, mvula ikutsazika. Pezani chigubu, otchani msomali, ndipo wogulitsa mbande akamakuuzani kanthu, foni ikhale kaye m'thumba. Mwezi wamawa tidzakamba za kupanga manyowa pakhomo la lendi popanda kuitana ntchentche ndi mkwiyo wa aneba.